Mwana wanga wasankhidwira kusukulu ya mpingo wa Anglican: mpingowu ndi wotani, ndipo sukuluyo amailamulira ndani?

"Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndipo banja lathu lonse timapemphera mpingo wina, osati wa Anglican. Mwana wanga wamkazi wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo boma lamusankha kuti akayambe Fomu 1 pasukulu ya sekondale yogonera komweko ya mpingo wa Anglican. Takondwa kwambiri, koma achibale akutisokoneza maganizo. Ena akuti mpingowu unayambitsidwa ndi mfumu ya ku England yomwe inkafuna kusiya mkazi wake, ena akuti ndi Akatolika omwe anangosintha dzina, ndipo mlamu wanga akuti mwanayo pobwera kutchuthi adzakhala atabatizidwanso. Kodi mpingo umenewu unachokera kuti, amautsogolera ndani, ndipo pakabuka vuto kusukuluko ndikadandaule kwa yani, kuboma kapena kumpingo?"

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwanayo mumuyamikire m'malo mwanga, pakuti malo m'sukulu zogonera komweko ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana omwe amalemba mayeso a Sitandade 8 chaka ndi chaka. Khazikani mtima pansi. Ndaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zambiri m'sukulu za mishoni, zina mwa izo za mpingo womwe mukufunsawu, ndipo m'makalasi mwanga munkakhala ana a CCAP, a Katolika, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekosite ndi Asilamu omwe, ndipo pafupifupi onse ankatuluka Fomu 4 ali m'chipembedzo chomwe anabwera nacho. Za kubatizidwanso, alamu anuwo angomva zam'maluwa. Mpingo wa Anglican umavomereza ubatizo wa mipingo ina ngati unachitika ndi madzi m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, moti ngakhale munthu wamkulu wofuna kulowa mpingowu mwa kufuna kwake sabatizidwanso ngati anabatizidwa motero. Amaphunzitsidwa kaye, kenako bishopu amamusanjika manja kapena kumulandira. Komabe sindikunamizani kuti mwanayo sakaona zachilendo. Akaziona ndithu, ndipo kuti muzimvetse m'pofunika kudziwa kuti kuno kwathu mpingowu ndi sukulu zake zinakulira limodzi kuyambira pachiyambi.

Nkhani ya mfumu ija ili ndi choonadi chake, koma si nkhani yonse. Chikhristu chinalipo ku England zaka mazana ambiri mfumuyo isanabadwe, ndipo mpando wa bishopu wa ku Canterbury unayamba ndi Augustine, yemwe anafika kumeneko m'chaka cha 597 atatumidwa ndi papa. Mfumu Henry VIII inkafuna kuti papa athetse ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon, papa anakana, ndipo mu 1534 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti mfumu ndiyo mutu wa mpingo wa ku England. Kumeneko kunali kulekana pa ulamuliro, pomwe kusintha kwenikweni kwa chiphunzitso ndi mapemphero kunadza pambuyo pake, makamaka pamene Thomas Cranmer anakonza buku la mapemphero m'Chingerezi mu 1549, komanso mu ulamuliro wa Elizabeth I kuyambira 1559. Mpingo womwe unatuluka m'zonsezi unasunga mabishopu, ansembe, madikoni ndi dongosolo la mapemphero olembedwa monga Akatolika, koma unakana ulamuliro wa papa, unalola ansembe kukwatira, ndipo unaika Baibulo m'chilankhulo cha anthu monga mipingo ina yomwe inatuluka m'Chikatolika nthawi imeneyo.

Tsono n'chifukwa chiyani achibale anu akuwaona ngati Akatolika? Chifukwa chake chili m'mtundu wa amishoni omwe anabwera kuno. Kuyambira 1833, ku yunivesite ya Oxford kunabuka gulu la ansembe lomwe linkafuna kubwezeretsa miyambo yakale ya mpingo, monga kulemekeza kwambiri Misa, kuvala zovala zaunsembe, kufukiza lubani, kusunga masiku a oyera mtima ndi kuulula machimo kwa wansembe. Bungwe lomwe linabweretsa mpingowu ku Malawi linaleredwa ndi mzimu umenewu. Mukapita ku Uganda kapena ku Kenya, kumene kunafika bungwe lina la mpingo womwewu lotchedwa Church Missionary Society, mukapeza Aanglican omwe mapemphero awo amatsamira kwambiri pa ulaliki ndipo miyambo ya paguwa ndi yocheperapo. Choncho mwana wanu akakakulemberani kuti wansembe amatchedwa abambo, kuti pali anyamata ovala mikanjo onyamula mtanda ndi makandulo, ndi kuti anthu amagwada polandira Mgonero, musadabwe, ndi mmene Aanglican a kuno amapembedzera.

Bungwe limenelo ndi Universities' Mission to Central Africa, lomwe anthu amalidziwa ndi zilembo zoti UMCA. Linabadwa David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu Disembala 1857, kupempha ophunzira kuti apitirize ntchito yomwe iye anayamba yolimbana ndi malonda a akapolo, ndipo mayunivesite a Oxford, Cambridge, Durham ndi Dublin anagwirizana kutumiza amishoni. Mtsogoleri woyamba, Charles Frederick Mackenzie, anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861, ndipo mu Julaye chaka chomwecho gulu lake linakhazikika pa Magomero. Ali m'njira, pamudzi wa Mbame, iwo ndi Livingstone anamasula akapolo 84 omwe ankapita nawo kukagulitsidwa, ndipo anthu omasulidwa otere ndiwo anakhala ophunzira oyamba a mishoniyo. Uku kunali kuyesa koyamba kukhazikitsa mishoni ndi sukulu m'dziko lino, zaka 14 amishoni a Livingstonia asanafike mu 1875 ndi zaka 15 a Blantyre asanafike mu 1876.

Ntchito ya pa Magomero sinakhalitse. Amishoniwo analowerera nkhondo za pakati pa Amang'anja ndi Ayao mpaka kugwira mfuti, zomwe anadzudzulidwa nazo kwambiri kwawo. Mackenzie anatsikira kuchigwa kukachingamira anzake omwe ankabwera ndi Livingstone, bwato lake linagubuduzika mumtsinje usiku ndipo mankhwala a malungo anatayika, moti anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, dera la Chiromo. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, kumene njala ndi matenda zinawatha mphamvu, ndipo wolowa m'malo mwake, Bishopu William Tozer, anasamutsira mishoni yonse ku Zanzibar mu 1864. Anthu ambiri, kuphatikizapo Livingstone, anaona ngati Tozer wathawa. Ine ndimaona mosiyana pang'ono, chifukwa sukulu zomwe bungweli linatsegula ku Zanzibar zophunzitsa ana omasulidwa ku ukapolo ndizo zinadzatulutsa aphunzitsi omwe anabwerera nawo kunyanja patapita zaka pafupifupi 20, ndipo popanda aphunzitsi amenewo azungu ochepa aja sakanatha kuchita kanthu.

Kubwerera kunachitika kudzera kummawa, ndipo munthu woyenera kumudziwa pano ndi William Percival Johnson, yemwe anafika kunyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Janson anamwalira atangofika, ndipo sitima yoyamba ya mishoni, yomwe inayamba kuyenda mu 1885, inatchedwa dzina lake. Chaka chomwecho likulu linakhazikitsidwa pachilumba cha Likoma, chifukwa pachilumba panali chitetezo ku nkhondo za kumtunda ndipo sitima inkatha kufika mosavuta kumidzi ya m'mbali mwa nyanja. Njira ya Johnson inali yosavuta kuimvetsa koma yotopetsa kuichita: sitima inkaima pamudzi, wansembe n'kupempha mfumu malo, n'kusiyapo mphunzitsi mmodzi wachikuda ndi bolodi, masileti ndi mabuku ochepa, kenako n'kudzabweranso patapita masabata angapo kudzayesa ana, kuchititsa Misa ndi kubatiza okonzeka. Kanyumba kamodzi kaudzu kankakhala kalasi mkati mwa sabata ndi tchalitchi Lamulungu, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankatsogolera mapemphero. Johnson anataya diso limodzi chifukwa cha matenda, komabe anapitiriza kuyendera midzi ndi kumasulira Malemba m'Chinyanja cha kunyanja mpaka pomwe anamwalira ku Liuli, ku Tanzania, mu 1928.

Apa ndi pomwe pagona yankho la funso lanu lokhudza utsogoleri, chifukwa makwerero a utsogoleri mumpingowu ankayambira m'kalasi. Mnyamata wokhoza bwino ankatengedwa kukaphunzira uphunzitsi, poyamba m'sitima momwemo ndipo kenako pa koleji ya St Michael's yomwe inayambira ku Kobwe, tsidya la Mozambique. Sitima yachiwiri, Chauncy Maples, yomwe inayamba kuyenda mu 1901, inali ndi chipinda chomwe chinkagwira ntchito ya kalasi ndi tchalitchi. Mphunzitsi wokhulupirika ankakwezedwa kukhala wowerenga Mawu, kenako dikoni, ndipo pomaliza wansembe ataphunzira pa koleji ya St Andrew's ku Likoma. Yohana Abdallah, yemwe anatumikira ku Unangu ndipo analemba buku la mbiri ya Ayao, anadzozedwa unsembe mu 1898. Augustine Ambali, yemwe anagwidwapo ukapolo ali mwana, anaphunzitsa ndi kutumikira ku Msumba kwa zaka zambiri. Leonard Kamungu wa ku Chia anadzozedwa mu 1909, anapita kukayambitsa ntchito ku Msoro m'dziko la Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Koleji yophunzitsa ansembe yomwe ili ku Zomba lero imatchedwa dzina lake. Onsewa anayamba ndi choko m'manja.

Dayosizi ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1892, ndipo bishopu wake wachiwiri, Chauncy Maples, anamira m'nyanja mu Seputembala 1895 akubwerera kuchokera kodzozedwa, asanakhale n'komwe pampando wake. Manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma, chomwe mwala wake wamaziko unaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, chinamangidwa pa Chipyela, malo omwe kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Kuchokera ku Likoma ntchito inafalikira ku Nkhotakota, kwa Mponda, ku Malindi, ku Likwenu ndi ku Matope. Mukaona mndandanda umenewu muzindikira kuti mpingowu unazika mizu m'madera momwe muli Asilamu ambiri, ndipo n'chifukwa chake sukulu zake zinazolowera kalekale kulandira ana omwe si a mpingowu, ngakhale kuti makolo ambiri achisilamu a nthawi imeneyo ankakana kutumiza ana poopa zomwe alamu anu akuopa lerozi. Mantha awo panthawiyo anali ndi maziko, chifukwa sukulu inalidi khomo lolowera mumpingo. Zinthu zinayamba kusintha boma litayamba kuthandiza sukulu za mishoni ndi ndalama mu 1907, ndipo makamaka litakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926 ndi kuyamba kuyendera sukulu.

Sindikufuna kukupatsani mbiri yokometsera. Bungwe la UMCA linaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga ndi kulemba, atsikana omwe, moti anthu a ku Likoma anatchuka ngati makalaliki ndi aphunzitsi mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Koma cholinga chake chachikulu chinali kumanga mpingo wa m'midzi wokhala ndi ansembe odzichepetsa, osati kukonzekeretsa anthu ntchito zapamwamba, ndipo pa maphunziro akuya linatsalira kumbuyo kwa sukulu ya Overtoun ya ku Livingstonia yomwe inatsegulidwa mu 1894. Linachedwanso kupereka mipando kwa eni dziko. Wansembe woyamba wachikuda wa dayosizi ya kunyanja kuno anadzozedwa mu 1898, koma Mmalawi woyamba kukhala bishopu mumpingowu, Josiah Mtekateka wa ku Likoma, anadzozedwa mu 1965, patatha zaka 104 chifikireni Mackenzie pa Magomero, ndipo ngakhale pamenepo anayamba ngati wothandizira. Bishopu Frank Thorne, yemwe anatsogolera kuyambira 1936 mpaka 1961, amakumbukiridwa potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'mabanja a ansembe munatuluka ena mwa omenyera ufulu, monga Henry Masauko Chipembere, mwana wa Akidikoni Habil Chipembere wa ku Malindi. Koma yemwe anasintha kayendetsedwe ka mpingo ndi Donald Arden, yemwe analowa m'malo mwa Thorne, nakhazikitsa likulu ku Malosa, nalimbikitsa kuti akhristu eni ake azisonkha ndalama ndi kutenga mbali m'makomiti m'malo modikira thandizo la ku England.

Mu 1971 dayosizi inagawidwa pawiri, ya Lake Malawi pansi pa Mtekateka ndi ya Southern Malawi pansi pa Arden. Ya Northern Malawi inabadwa mu 1995, ndipo ya Upper Shire mu 2002, moti madayosizi anafika anayi, okhala ndi malikulu ku Mzuzu, Lilongwe, Malosa ndi Blantyre. Madayosiziwa ndi a m'chigawo cha mpingo cha Central Africa chomwe chinakhazikitsidwa mu 1955 kuphatikiza Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo mmodzi mwa mabishopu a m'chigawo amasankhidwa kukhala akibishopu. Mmalawi Bernard Malango anakhalapo pampandowu. Chomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi kuganiza kuti Akibishopu wa ku Canterbury ali ngati papa. Iye amalemekezedwa ngati woyamba pakati pa anzake, amaitanitsa msonkhano wa mabishopu wa Lambeth womwe unayamba mu 1867, koma alibe mphamvu yosankha kapena kuchotsa bishopu wa ku Malawi, ngakhale kulamula sukulu yomwe mwana wanu akupita. Mfumu ya ku England nayo ilibe gawo lililonse mumpingo wa kuno. Pali bungwe lina lokambirana la Aanglican a dziko lonse lapansi, lomwe Bishopu James Tengatenga wa kuno kwathu anakhalapo wapampando wake kuyambira 2009, koma nalonso limangolangiza.

Mphamvu zenizeni zili mudayosizi. Pansi penipeni pali tchalitchi cha m'mudzi chotsogoleredwa ndi katekisiti kapena akulu osankhidwa, matchalitchi angapo amapanga parishi yomwe ili ndi wansembe ndi khonsolo yake, maparishi angapo amayang'aniridwa ndi akidikoni, ndipo pamwamba pali bishopu. Bishopuyo salamula yekha, chifukwa pali sinodi momwe mumakhala ansembe ndi akhristu wamba osankhidwa ndi maparishi, ndipo sinodiyo ndiyo imakambirana malamulo ndi chuma cha dayosizi. Amayi a Mothers' Union, omwe mumawaona atavala zoyera ndi zobiriwira ngati mtambo, alibe mpando pamakwerero amenewa, koma aliyense amene anakhalapo m'parishi akuuzani kuti palibe chachikulu chimayenda iwo atakana. Bishopu amasankhidwa ndi msonkhano wapadera wa nthumwi za dayosizi ndi za chigawo, ndipo wosankhidwayo ayenera kutsimikizidwa ndi mabishopu a chigawo asanadzozedwe. Dongosolo limeneli nthawi zina limabala mikangano yaitali. Bishopu Peter Nyanja wa Lake Malawi atamwalira mu 2005, wansembe wa ku England yemwe anasankhidwa sanatsimikizidwe, akhristu anagawanika, ndipo mpando unakhala wopanda mwini mpaka 2010. Ndikutchula zimenezi chifukwa mikangano ya kulikulu imatha kuchedwetsa zinthu monga kukonza nyumba zogona ana kapena kusankha bodi yoyendetsa sukulu, ngakhale kuti maphunziro a m'kalasi kawirikawiri amapitirira.

Tibwere kusukulu za lero. Za sekondale zodziwika ndi monga Malosa ku Zomba, St Michael's ya atsikana ku Malindi m'boma la Mangochi, yomwe inatenga malo ndi dzina la koleji ya aphunzitsi ija, ndi Bishop Mtekateka ku Nkhotakota. Pali sukulu za pulayimale zambiri, sukulu ya anamwino ndi azamba ya St Luke's ku Malosa, ndiponso zipatala za St Luke's, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma. Koma sukulu zokhala ndi dzina la mpingo si za mtundu umodzi, ndipo ichi ndicho choyamba kuchifufuza. Zilipo zomwe mpingo umaziyendetsa wokha ndi ndalama za fizi, ndipo zilipo zothandizidwa ndi boma, momwe malo ndi nyumba ndi za dayosizi koma boma limatumiza ndi kulipira aphunzitsi ambiri ndiponso limasankha gawo lina la ophunzira. Popeza mwana wanu wasankhidwa ndi boma, sukulu yakeyo ndi ya mtundu wachiwiriwu. Sukulu yotere ili ngati mwana wakwathu kuno yemwe ali ndi bambo womusamala komanso malume yemwe ndi mwini mbumba: nkhani zina zimathera kwa bambo, koma zina sizingathe malume asanamve.

Zomwe zili m'manja mwa boma ndi silabasi, mayeso a MANEB, kalendala ya chaka, kulemba ndi kulanga aphunzitsi omwe limawalipira, ndi malamulo okhudza kuchotsa mwana sukulu. Zomwe zili m'manja mwa dayosizi ndi nyumba, mwambo wa pasukulu, mapemphero, wansembe wosamalira ophunzira, ndi mawu aakulu posankha mphunzitsi wamkulu ndi mamembala a bodi. Fizi ya zogona ndi chakudya imakambidwa kubodi, ndipo nthawi zambiri imakhala yokwererapo poyerekeza ndi ya sukulu zaboma zenizeni, choncho funsani msanga ndalama zonse za teremu, kuphatikizapo za yunifolomu, kuti musakadzidzimuke tsiku lotsegulira. Ngati ndalamazo zikukulemerani, musabise. Lankhulani ndi mphunzitsi wamkulu za kulipira pang'onopang'ono, ndipo funsani ku ofesi yosamalira anthu ya kukhonsolo ya boma lanu za thandizo la ana ovutika teremu isanayambe.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, yembekezerani kuti belu likalira mmawa ana onse amasonkhana, amaimba nyimbo, wina amawerenga Malemba ndipo wansembe kapena mphunzitsi amapemphera. Masiku ena pamakhala Misa ya sukulu yonse, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti mwana aliyense apezekepo. Ikafika nthawi ya Mgonero, ana omwe si a mpingowu amakhala m'mipando mwawo, kapena amapita kutsogolo atapingasa manja pachifuwa kuti wansembe awadalitse chabe, ndipo palibe amene amawayang'ana moipa. Pa tsiku lopembedza, m'sukulu zomwe ndinagwiramo ntchito, magulu a mipingo ina ankapatsidwa makalasi oti apemphereremo motsogoleredwa ndi mphunzitsi wa mpingo wawo kapena mbusa wochokera kufupi. Kalasi ya okonzekera kusanjikidwa manja ndi ya ofuna okha, ndipo wansembe wodziwa ntchito yake salembamo mwana wa mpingo wina popanda chilolezo cha makolo. Chomwe chimachitikadi, ndipo ndibwino muchidziwiretu, n'chakuti mtsikana amatha kukopeka ndi kwaya kapena ndi anzake apamtima, n'kuyamba kukonda mapemphero a kumeneko. Kumeneko si kukakamizidwa, ndipo mankhwala ake ndi kucheza naye momasuka patchuthi, osati kumuopseza.

Mavuto enieni amabuka pomwe mwambo wa sukulu wagundana ndi lamulo la chipembedzo cha mwana, monga kusunga Sabata, zakudya zina kapena kavalidwe. Mu 2019 kunabuka mkangano waukulu kwa M'manga m'boma la Balaka pankhani ya atsikana achisilamu ovala hijabu pasukulu ya mpingowu, mpaka maphunziro anaima, ndipo nkhani yonga imeneyi m'sukulu zachikhristu inadzakambidwa kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee mpaka atsogoleri a zipembedzo anasainirana mgwirizano mu 2021. Phunziro lomwe ine ndinatolapo ndi loti nkhani zotere zimakula zikasiyidwa kuti zikambidwe pageti tsiku lotsegulira sukulu. Ngati mpingo wanu uli ndi lamulo lomwe mwanayo sangaliphwanye, pitani kusukuluko teremu isanayambe, pemphani malamulo olembedwa, muwawerenge muli pomwepo, ndipo zomwe mwagwirizana ndi mphunzitsi wamkulu zilembedwe. Pa ulendo womwewo pemphani kuona kogona atsikana, zimbudzi, pomwe amatunga madzi ndi kukhitchini, ndipo mufunse kuti mayi wogona nawo pafupi usiku ndani komanso kuti mwana akadwala amapita naye chipatala chiti. Zimenezi zimakhudza moyo wa mwana kuposa funso loti mpingo unayamba bwanji.

Mukaona kuti simungagwirizane, njira yopempha kuti mwana asamutsidwire kusukulu ina ilipo, kudzera ku ofesi ya zamaphunziro ya chigawo chomwe sukuluyo ili, koma ndikuchenjezeni kuti malo ogonera komweko sapezeka msanga, ndipo mwana akhoza kutaya teremu yonse akudikira, kapena kupatsidwa sukulu yoyendera yomwe ilibe zipangizo zofanana. Musamuchotse musanalandire kalata ya malo atsopano.

Pomaliza, za kodandaula. Nkhani ya m'kalasi, ya chakudya kapena ya kusamvana ndi anzake iyambire kwa mphunzitsi wa kalasi kapena mayi woyang'anira kogona, kenako kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati ikukhudza ana ambiri ipite kukomiti ya makolo ndi aphunzitsi. Nkhani ya mapemphero kapena yoti mwana akuumirizidwa kulowa kalasi ya mpingo muitengere kwa wansembe wa pasukulupo, ndipo ikakanika mulembere wapampando wa bodi ndi mlembi wa zamaphunziro wa dayosizi, yemwe amagwira ntchito pansi pa bishopu. Nkhani ya khalidwe la mphunzitsi wolipidwa ndi boma, ya mayeso kapena ya kuchotsedwa sukulu ndi ya ku ofesi ya zamaphunziro ya chigawo, ndipo kalata iliyonse yomwe mwalemba muzisunga ina yofanana nayo yokhala ndi tsiku. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo ndipo gawo 25 limateteza ufulu wa maphunziro, choncho ngati makomo onsewa atsekeka mungathe kupita ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman. Pali nkhani imodzi yokha yomwe simuyenera kukwera nayo makwerero amenewa: mwana akakuuzani kuti wina wamugwira mosayenera, akumufunsira chibwenzi ali mphunzitsi kapena wogwira ntchito pasukulupo, kapena wamenyedwa mpaka kuvulala, pitani naye kuchipatala ndi kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, tsiku lomwelo, kapena imbani nambala yaulere ya 116, ndipo sukulu ndi dayosizi muzidziwitse pambuyo pake.